Mundimete Ngati Mwana Wanga

Dalaivala wina wa basi, amene anzake ankamutcha Nkhalango chifukwa cha kuwirira kwa tsitsi lake, anatuluka m'chipatala masana n'kulunjika kwa wometa wa kutsidya kwa msewu. Mwana wake wamkazi wazaka zisanu ndi ziwiri anali pa mankhwala a khansa, tsitsi litathothoka lonse, ndipo ankangodzifunditsa bulangete kumutu osafuna kuonedwa ngakhale ndi mayi ake. Koma Nkhalango sanali munthu woulula za kunyumba kwake kwa mlendo.

"Mundimete ngati mwana wanga," anatero akudziponya pampando.

Wometa, mkulu wochepa thupi wa magalasi, anakutumula nsalu. "Chabwino, bwana. Mwanayo ali kuti?"

"Sindinabwere naye."

"Nanga ndionera pati?"

"Inu metani basi."

"Ana amameta mosiyanasiyana. Wina dzulo anafuna mzere wokhotakhota pamwamba pa khutu."

Nkhalango anatsonya, n'kumusonyeza chithunzi cha pafoni. Wometa anachiyandikitsa kumaso.

"Iii, bwana! Zingwe? Ndi mikanda yomwe? Ine sindiluka, koma pali mayi wina kuseriku."

"Wanena zoluka ndani?"

"Mwati ngati mwana wanu. Tsitsi muli nalo lokwanira, zikhoza kukukhalani ndithu. Mikanda yofiira kapena yoyera?"

"Chithunzi chimenecho n'chakale!"

"Ndiye mukufuna ngati mwana wanu wakale kapena watsopano?"

"Mwana ndi mmodzi yemweyo, akulu inu!"

"Ayi, ndimangofunsa."

Nkhalango anapuma mwamphamvu. Anafufuza m'foni muja, n'kupeza chithunzi chimene sanachionetsepo aliyense ku ntchito: kamtsikana kali pabedi la kuchipatala, diripi pamkono, mutu uli see. Wometa anachiyang'ana kanthawi. Anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya, anawavalanso.

"Ndamva," anatero motsitsa mawu. "Ndendende?"

"Ndendende. Pasasiyane kalikonse."

Makina analira. Nkhalango anatsinzina, tsitsi likugwa pamapewa mtolomtolo. Atamva mphepo ikumuomba pankhongo, anadzuka.

"Khalani pansi, bwana. Sitinathe."

"Chatsala n'chiyani?"

Wometa analoza foni ndi chipeso. "Mwanayu ndevu alibe."

"Ndi mtsikana!"

"Ndikunena zomwezo."

"Ndevu izi ndinakwatira nazo ine. Mkazi wanga sanaonepo chibwano changa."

"Ndiye tisinthe mawu aja. Tinene kuti ngati mwana wanu, kupatula..."

"Ine sindisintha mawu! Chotsani!"

Ndevu zinapita. Wometa anabwerera m'mbuyo, anapendeketsa mutu, anayang'ana chithunzi, anayang'ana munthu, n'kupukusa mutu.

"Chinanso n'chiyani?"

"Nsidze."

"Aaa! Nsidze zalakwanji?"

"Kaya, bwana, funsani mankhwalawo. Ine ndikungoona kuti pachithunzipa palibe."

"Mukudziwa kuti ndimayendetsa basi? Anthu akandiona choncho atsika ndisanalize n'komwe injini."

"Ndiye tizisiye."

"Wati musiye ndani?"

"Inuyo, posachedwapa."

"Ndimangodandaula! Munthu asadandaule? Metani!"

Lumo linadutsa uku, linadutsa uku. Wometa anamutembenuzira kugalasi. Nkhalango anaona dzira lalikulu lovala yunifolomu, makutu ali pa mtunda. Anakweza pamene panali nsidze, koma panalibe chokweza.

"Mwafanana tsopano," anatero wometa monyadira. "Koma diripi sindikuikani. Imeneyo ndi ya akuchipatala."

Pomwepo foni inalira. Anali mkazi wake, amene mawu ake sasowa kuyandikitsa khutu.

"Bambo ake, muli kuti? Thamangani, mwana wavundukula bulangete! Anesi amuuza kuti akamaliza mankhwala, tsitsi lidzamera lambiri ngati la bambo ake. Wasekerera, ndi chakudya chomwe wadya. Akuti mubwere alisisite, aone mmene lake lidzakhalire. Mupese bwino!"

Foni inaduka. Nkhalango anayang'ana pansi, pamene wometa anali atayamba kale kusesa.

"Siyani tsachelo! Tolani! Tolani lonse!"

"Ndi la anthu ambiri ili, bwana, lasakanikirana. Loyerali ndi la agogo ena."

"Sankhani langa! Guluu muli naye?"

Wometa anatsamira tsache, akumuyang'ana modabwa zenizeni.

"Guluu wa chiyani? Anesiwo sananame. Ingothamangani mukamuuze mwanayo kuti asadikire kumaliza mankhwala. Lafanana kale ndi la bambo ake."