Valavu ya kuchipinda kwa apongozi

Kale, ife tikadali mitsikana, madzi ankabwera m'nyumba pamutu, ndipo ukafuna kuwatseka unkangotula ndowa. Inu ana a lero mumangopotokola mpopi, simudziwa kuti madzi amaluma. Senderani kuno, ndikuuzeni chimene chinandiyeretsa imvi za mbali iyi.

Agogo anu aamuna atabwera kuchokera ku Joni anakokera madzi pakhomo pano, ndipo anabwera ndi valavu yamkuwa, chotsekera madzi a nyumba yonse, n'kuiika kuseri kwa khoma. Koma banja litakula anawonjezera chipinda cha kumunsi chija, n'kumangira valavuyo m'kati, pansi pa bedi lathu lachitsulo. Ndinawafunsa, iwo akuti akuba mkuwa asaione. Walira mvula walira matope, ana inu.

Iwo atatisiya, valavu ija inayamba kulira misozi. Poyamba kadontho, kenako simenti ya pansi yonyowa, kenako khoma linayamba kununkha ngati dambo. Mukudziwa mmene nyumba za kuno zimakhalira, ina pamwamba pa inzake paphiri, ndipo khoma limenelo anamangira dothi, osati simenti. M'munsi mwake muli denga la Nyabanda, mnansi wathu, amene nthawi imeneyo anali ndi khanda la masiku. Tsiku lina m'mawa ndinaona mng'alu woti chala changa chinalowa. Ndinadziwa kuti khoma likapita, lipita ndi mwana wa eni.

Wokonza mipopi ndinali naye pafupi, koma ndiye anali vuto lenileni: mkamwini wanga, bambo a Temwa. Munthu woleredwa kale, woti akandiona m'njira amapatukira kutchire. Masiku ano mkamwini amakhala pampando umodzi ndi apongozi n'kumalimbirana rimoti, koma ife tinakula tikudziwa kuti chipinda cha apongozi mkamwini sapondamo, ngakhale mukuyaka moto.

Anabwera masana, madzi atathawa monga amachitira, atanyamula bobojani, sipanala yaikulu ya mapaipi, ndi valavu yatsopano ya chogwirira chofiira. Chotsekera cha pa mita chinauma kalekale, ndiye mpata wake unali womwewo, mapaipi alibe madzi. Mkazi wake, mwana wanga, amene akanalowa m'malo mwake, anali ku Mzuzu kokaoda kaunjika. Anafika pakhomo la chipinda n'kuima, chipewa m'manja.

"Ama, ili pati?"

"Pansi pa bedi."

Anatambasula dzanja n'kundipatsa bobojani. "Ndiye mugwire ndinu, ama. Ine ndizinena ndili pano."

Ndinagwada, nkhalamba ine, bobojani wolemera ngati mwana. Iye ali pakhomo, nkhope kumbali, akuti kumanzere, ama, pang'onopang'ono. Ndinakoka kamodzi, kawiri, ndipo ndinangomva thyo. Valavu yonse yathyokera m'manja mwanga, yodyeka ngati chinangwa chofumbwa, paipi yatsala kukamwa yasa.

Apo ndi pamene paipi inatsokomola.

Inu mumaseka mpopi ukamatsokomola, mumati madzi abwera. Ine tsiku limenelo sindinaseke. Kuno kumunsi kwa phiri madzi amafika ndi ukali wonse wa kumtunda, ndipo ndinamva mpweya ukutuluka, fuu, kenako matope ofiira, kenako madzi enieni akumenya khoma lomwe lija, pamng'alu penipeni. Ndinatseka ndi chikhatho, anandikankha. Kupyola phokoso lonselo ndinkamva khanda la Nyabanda likulira pansi pathu. Ndinachita mantha amene sindinawaonepo, ngakhale tsiku lomwe bwato la mchimwene wanga linachedwa kubwera.

"Bambo a Temwa, lowani."

"Ama, sindingathe."

"Khoma likugwa."

Munthu wamkulu anaima, phazi limodzi m'mwamba, likukana kutsika. Sikuti anali wouma mtima, ayi. Mmene ndinkaopera khoma ndi mmene iye ankaopera khomo limenelo, ndipo ndikanamukalipira tikanangomira tonse ndi ulemu wathu.

Mvula ikakuona litsiro siikata, koma nzeru zina zimabwera ndi mantha. Ndinakoka matiresi n'kuponya kunja, zofunda kunja, sutikesi ya agogo anu kunja. Bedi lokha linakana, chifukwa analimangira m'kati momwemo. Ndinathamangira kukhitchini, ine wa msana uno, n'kukhwekhwereza thumba la chinangwa chouma, n'kuligwetsa pa zitsulo za bedi.

"Taonani bwino, ada. Muno mugona munthu? Ino ndi sitolo ya chinangwa."

Anayang'ana thumba, anayang'ana ine, n'kuvula nsapato. Analowa chogwada, madzi akumuwomba kumaso, ndipo anazula chidutswa chotsala, anakulunga tepi yoyera ya mapaipi, n'kulowetsa valavu yatsopano ili chitsegukire kuti madzi asamukankhe. Manja ankaterereka, mazinga a valavu ndi paipi akukana kugwirana, ine ndagwira khoma ndi manja awiri ngati ndingaliletse. Dothi linkasungunuka pakati pa njerwa n'kumayenda m'zala zanga. Kenako anagwetsa chogwirira chofiira chija, ndipo m'nyumba munangoti zii. Pansi paja mwana anali akulirabe, ndipo sindinamvepo nyimbo yokoma ngati imeneyo.

"Yewo, ada," ndinathokoza. Iye anatola nsapato zake n'kutuluka chobwerera m'mbuyo, osandiyang'ana.

Khoma tinaligwetsa tokha bwinobwino n'kumanganso ndi simenti, ndipo valavu anaitulutsira panja, pamene mumaiona paja. Khanda lija ndi uyu amakuphunzitsani kwaya. Ndiye inu mukadzamanga zanu, chotsekera madzi muike poti dzanja lililonse lifike, ndipo mukaona chikudontha musadikire mng'alu. Ulemu usungeni, ndi wabwino, koma muziusiyira kakhomo kolowera tsiku la tsoka.

Ine ndinabwerera pabedi langa, ndipo ndigona pomwepo mpaka lero. Koma bambo a Temwa akabwera kudzandiona amaima pakhonde, chipewa m'manja, n'kufunsa kuti, "Ama, kusitolo kuja sikukudontha?"