Khonde la Amuna Anga ku Tsakane

Aulutsi, nkhaniyi muiwerenge mokweza kuti amuna anga aimve, poti ine ndikayankhula amati ndikulongolola.

Timakhala ku Tsakane, kuno ku Joni. Ine ndimachapa ndi kusita kwa azungu, iwo ndi mmisiri womanga nyumba. Titagwirizana zogulitsa kanyumba kathu kuti tibwerere kumudzi, ndinawauza kuti, "Bambo a ana, timange zipinda ziwiri kuseri. Kuno wogula nyumba amayang'ana poika anthu a lendi."

Iwo anakana. Simenti yonse anathira pa khonde lalikulu ngati la kwathu ku Ntcheu, lopaka polishi wofiira, ati anzawo azidzasewerapo bawo Lamulungu. Njerwa zotsala anamangira kakhitchini kapanja ndi khola la nkhunda.

Atabwera wogula, mayi wina wachizulu, sanaponde n'komwe pakhondepo. Anazungulira kuseri n'kufunsa kuti, "Zipinda za lendi zili kuti? Nanga zitsulo za m'mawindo?" Kenako anati zonsezi adzagumula, ndiye titsitse mtengo. Wogula wachiwiri ananenanso chimodzimodzi, moti mpaka lero nyumba sinagulidwe.

Amuna anga akuti anthu akuno sadziwa zabwino. Zoona? Amayi anga akudwala kumudzi, akufunsa tsiku lomwe ndidzafike, ine ndili pano chogwada, kupukuta polishi! Mtima ukundiwawa, moti nkhundazo ndayamba kudya imodzimodzi.

Amalawi anzanga, nyumba ikakhala yogulitsa, mangani zofuna wogula, osati zoti anzanu akuombereni m'manja.

Nanga inu bambo, bawo yatha? Senzani khonde lanulo tione ngati likwane m'basi.