Giya imene inkachoka yokha pamtsetse wa kumanda

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Lero ndikufuna ndichitire umboni za galimoto imene inandizunza miyezi isanu, ndipo ndinena zonse, ngakhale zimene zimandichititsa manyazi.

Achimwene anga a Lefani anali ndi pikapu imene ankapangira matola, kuchoka pa Kasakula kupita m'misika ya ku Ntchisi ndi ku Dowa. Atamwalira, pikapu yomweyo ndiyo inanyamula bokosi lawo, ndipo ndinayendetsa ndine. Pochoka kumanda makiyi anali m'thumba mwanga ndipo sanatulukemonso. Pokambirana za chuma cha masiye ndinauza akuluakulu kuti galimotoyo ndi ya pamtundu pathu, munthu wamkazi sangaithe. Akazi awo, alamu anga a Nabanda, sanatsutse. Anatenga ana awo atatu n'kubwerera kwawo ku Msakambewa. Ine mkulu wa mpingo, Lamulungu lotsatira ndinaimba mokweza ngati palibe chimene chachitika.

Poyamba zonse zinkayenda bwino. Kenako giyabokosi inayamba kulira chapansipansi, ngati munthu wodwala akubuula. Patapita masabata, giya yachitatu inayamba kuchoka yokha. Tsiku loyamba zinachitika pamtsetse wotsikira kumtsinje, pamene pamapatukira njira ya kumanda athu. Dzuwa lili phwee, ndinaona ndi maso anga ndodo ya giya ikusuntha kubwerera pakati, popanda woigwira. Mutu wa ndodoyo unali utasalala ndi dzanja la achimwene.

Sindinauze munthu, ngakhale mkazi wanga. Ndinasinthitsa kilatchi, koma sizinathandize. Ndinayamba kumapanikiza ndodoyo ndi dzanja pamtsetse uliwonse, ndipo ndinkamva chinachake chikuikankha kuchokera pansi, ngati munthu akulimbana nane. Ndikamadutsa pa njira ya kumanda ija sindinkayang'ana kumbali. Ndinkaopa, abale anga, ndinkaopa m'bale wanga yemwe amene anandiphunzitsa kuyendetsa galimoto. Kupemphera kunandikanika, chifukwa ndinkadziwa chimene Mulungu angandifunse.

Tsiku lina la msika ndinanyamula anthu odzaza, pamodzi ndi matumba a kachewere. Pamtsetse womwe uja ndinachotsa dzanja pang'ono kuti ndigwire chiwongolero ndi manja awiri, giya n'kuchoka. Galimoto inathamanga, mabuleki anatentha n'kusiya kugwira. Ndinaikhotetsera m'munda wa chimanga, ndipo mizere ndiyo inatiimitsa. Palibe anafa. Mayi wina, mwana ali kumsana, anatsika n'kunena chapansipansi koma ndinamva: "Mwini wake akuikana galimotoyi."

Anthu atabalalika ndinagwada m'munda momwemo. Sindinapemphere mawu ambiri. Ndinati, "Ambuye, ndatsala pang'ono kupha anthu anu. Nditumizireni munthu woti andiuze zoona, ndipo ndidzamva."

M'mawa mwake, ndikulondera galimoto m'munda muja, panaima njinga ya kabaza. Anatsika anali a Nabanda, amene anamva za ngoziyo, atanyamula botolo la oyilo wolemera ndi kapaipi. Ndinasowa koloza nkhope.

"Alamu," anatero, "oyilo wa giyabokosi mwakhala mukuthira?"

Ndinayankha kuti oyilo ndimayang'ana m'mawa uliwonse.

"Ameneyo ndi wa injini. Giyabokosi ili ndi wakewake, ndipo iyi imadontha chakumbuyo. Achimwene anu ankagona pansi pake Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, ine n'kumawagwirira botolo. Ndamvanso kuti pamtsetse mumazimitsa injini."

Zinali zoona. Ife madalaivala a kumapiri kuno timakonda kuika fuli, ndiko kuchotsa giya, ndi kuzimitsa injini potsika mitsetse yosaopsa kwambiri, ati kusunga mafuta, ndipo ndinkadziyesa wochenjera kuposa malemu.

Tinaikokera kwa makaniko a Mwale. Atamasula bawuti wapansi, munatuluka oyilo wakuda wosadzaza ndi kapu yomwe, ndipo pa bawutiyo panali patamatirira tizitsulo ngati ndevu. Atatsegula giyabokosi anandionetsa mano a giya yachitatu atadyeka, ndi mabering'i atapsa. Anandifotokozera kuti injini ikazima, chitsulo chimene chimamwaza oyilo m'katimo chimaima, pamene zina zikuzungulirabe zouma. Mano akatha chotero, kulemera kwa galimoto potsika kumakankhira giya kunja, n'chifukwa chake inkachoka pamtsetse pokhapokha. "Muno mulibe mzimu, bambo," anatero akuseka. "Muli ludzu basi."

Ndinayembekeza kuti mtima ukhala m'malo, koma ayi. Mantha aja anachoka m'giyabokosi n'kukhala pachifuwa panga. Munthu yekhayo amene ankadziwa matenda a galimotoyo ndi amene ndinamuthamangitsa, ndikunena kuti mkazi sangaithe. Ndikanamufunsa funso limodzi lokha, mayi wa mwana uja sakanaona imfa pafupi chotero. Achimwene sanandivutitse. Ndinkawaona paliponse chifukwa ndinkadziwa chimene ndinawachitira ana awo.

Ndinawafunsa alamu chifukwa chimene anabwerera, pambuyo pa zonse zimene ndinachita. Anati, "Mumakwera ana a anthu mmenemo. Komanso ndi galimoto ya amuna anga, sindikufuna idzaphe munthu."

Galimoto itakonzedwa ndinaitana akuluakulu omwe aja, pamodzi ndi abusa, n'kuvomereza pamaso pawo kuti ndinalanda chuma cha ana amasiye. Ena kwathu anakwiya ndipo mpaka pano sandipatsa moni. Makiyi ndinawapereka m'manja mwa a Nabanda nditagwada. Iwo anandikhululukira, ndipo patapita sabata ananditumizira uthenga woti akufuna dalaivala. Lero ndine wantchito wawo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga miyoyo ya anthu aja, ndiponso anayankha pemphero langa kudzera mwa munthu amene ndinamulakwira. Inu amene mukuvutika ndi chinthu chimene simungauze munthu, musaleke kupemphera, ngakhale mawu atakhala ochepa ngati anga. Koma yankho likabwera mulilandire, chifukwa mwina lidzatsika pa kabaza ndi nkhope imene mwakhala mukuithawa.

Sindinganame kuti zonse zinatha. Ndikafika pamtsetse uja dzanja limathamangirabe pa ndodo ya giya, ngakhale ndodoyo siisunthanso. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndimayala thumba pansi n'kulowa pansi pa pikapu, pamalo pomwe ankagona achimwene, alamu n'kumandigwirira botolo. Ambuye akudalitseni nonse. Amen.