Zimene Atelala Anabisa Kuseri kwa Katani

Malemu amene agona patsogolo pathupa anabadwa pa 9 Febuluwale 1951, achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Ine ndine mng'ono wawo, mzime wa m'nyumbamo. Abusa, akuluakulu a mpingo, abale ndi anansi, mundipirire ngati mawu angandithawe. Pali chimene malemu anandituma kuti ndinene lero, chokhudza akazi awo ndi shopu yawo, ndipo chandisowetsa mtendere masiku onsewa.

Anayamba sukulu mu 1959 ndipo analekeza Sitandade 6 bambo athu atamwalira. Mu 1967 mayi athu anakawapereka kwa mmisiri wina wokalamba amene ankasoka pakhonde la sitolo. Zaka ziwiri zathunthu ntchito yawo inali kuika mabatani, kupinda mipendero ndi kukoleza makala a simbi. Sizasi sankaloledwa kuigwira. Mkuluyo ankawauza kuti mawu oti telala si athu, anabwera ndi azungu, ndipo kumene anayambira amatanthauza munthu wodula. Ankati msoko ukakhota umamasulidwa n'kusokedwanso, koma nsalu ya mwini ukaidula molakwa sibwerera. Malemu anawasunga mawuwo ngati lamulo, mwina kupyola muyeso.

Mu 1974 anatsegula shopu yawo, kachipinda ka zenera limodzi kuseri kwa msika. Kuyambira pamenepo dzina lawo la ubatizo linazilala, anangokhala Atelala. Ana awo anakula akutchedwa ana a kwa Atelala, ndipo lero osoka achuluka mumsewu umenewo, komabe munthu akanena kuti akupita kwa Atelala palibe amafunsa kuti ati. Wina akawatcha osoka zovala ankamuwongolera moseka, amvekere wosoka ndi aliyense amene ali ndi singano m'nyumba. Mwezi uno kuchipatala anamwino anaitana dzina lawo lenileni katatu, iwo ali phee, kudikira kuti mwini dzinalo ayankhe.

Pa 16 Ogasiti 1980 anamanga ukwati woyera ndi alamu anga amene akhala pafupi ndi bokosiwa. Mulungu anawadalitsa ndi ana asanu; wachiwiri anatsogola ali khanda. Mu 1992 anadzozedwa kukhala mkulu wa mpingo. Besi yawo m'kwaya mukuidziwa. Ankaimba nyimbo za chitsitsimutso akupalasa makina, mapini ali pakamwa, ife mitima ili m'mwamba kuti ameza. Munthu wonenepa akabwera ndi thalauza lomuthina, ankamutonthoza kuti nsalu za masiku ano n'zosakhulupirika, zimabwerera zokha. Ndipo tivomereze, pakuti tili pamaso pa Ambuye: mawa la Atelala nthawi zina linkafika sabata yamawa.

Mu 2011 anawapeza ndi matenda a shuga, ndipo maso awo anayamba kuchita chifunga. Apa ndi pamene akuluakulu ena a banja anandipempha kuti ndidumphe. Ndawalemekeza, ndapemphera, koma ndinalonjeza munthu amene sangathenso kundimasula pa lonjezolo.

Mu Okutobala 2014 mnyamata wina anabweretsa nsalu ya suti ya ukwati wake. Malemu anaiyala patebulo, anailemba ndi choko, anadula. Atagwira zidutswazo anapeza kuti mzere wa choko sanautsate, ndipo mbali imodzi ya jekete yawonongeka. Alamu anga, amene kwa zaka makumi atatu ndi zinayi ankangoika mabatani ndi kusita, osaloledwa kukhudza sizasi, anaitembenuza nsalu yotsalayo mpaka mbaliyo inatulukamo. Anali ataphunzira ndi maso zaka zonsezo. Mkwati anavala, anthu anayamikira dzanja la Atelala.

Sabata yomweyo m'shopu munapachikidwa katani. Mukuikumbukira, yobiriwira ija. Kuyambira tsiku limenelo malemu sanadulenso nsalu. Ankakulandirani, kukuseketsani, kukukulungani tepi m'chiuno. Koma manambala sankawaona. Ankatsina tepiyo ndi chikhadabo pamene yafika, n'kulowa nayo kuseri kwa katani, akazi awo n'kuwerenga. Ifeyo tinkaseka kuti mkuluyu akubisa nzeru zake kuopa kuberedwa. Suti zonse, madiresi a akwatibwi, yunifolomu ya kwaya yathuyi, jekete imene ndavalayi, zaka khumi zonsezi zinadulidwa ndi mayi awa.

Malemu ankaopa kuti abambo sangapereke nsalu ya suti kwa munthu wamkazi. Ankaopanso, monga anandiuzira okha, kudzuka m'mawa wina osakhalanso Atelala, pakuti dzina lina analibe. Alamu anga anasunga chinsinsicho ndipo anachilipira ndi ulemu wawo. Ife achibale tinkati mayi ameneyu amangokhala kuseri kudya thukuta la mbale wathu. Ine ndemwe ndinanenapo mawu amenewo, ndili m'malaya odulidwa ndi iwo. Alamu, ndinachimwira Mulungu, ndinachimwiranso inu. Mundikhululukire.

Pa 2 Juni chaka chino anagonekedwa m'chipatala impso zitasiya kugwira bwino ntchito. Pa 19 Juni anaitanitsa abusa ndi ine. Anandigwira padzanja, n'kupapasa mkono wa jekete yanga mpaka paphewa, monga ankachitira ndi makasitomala. Anati kadulidwe aka ndi kabwino, ndipo si kawo. Anaulula zonse. Anati sakufuna kukaonekera pamaso pa Mbuye wawo atavala ulemu wa munthu wina, pakuti kumeneko kulibe katani. Anapempha kuti zinenedwe pamaliro, anthu onse akumva, ndiponso kuti makina, sizasi ndi kiyi wa shopu zikhale m'manja mwa akazi awo. Abusa anawapempherera, tinawaimbira nyimbo yawo ya pamtima, iwo akutsatira ndi milomo yokha. Anatisiya pa 24 Juni, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 73.

Ndikudziwa kuti dzana, mtembo usanafike n'komwe, ena a ife tinayamba kale kukambirana za amene atenge makina, poti m'nyumbamu mulibenso wodziwa ntchitoyi. Nkhani imeneyo ithere pano. Ndamvanso kuti ena amene munasiya nsalu kushopu mwayamba kufunsa tsiku lokazitenga. Nsaluzo n'zanu, palibe angakuletseni. Mwina ena mwakhumudwa kuti munanamizidwa, ndipo sindingakutsutseni. Ngati pali mlandu, mwini wake ndi uyu wagona apayu, ndipo anauvomera yekha. Koma mayi awa alibe munda, alibe penshoni, ali ndi manja awo ndi shopu ija basi. Mukazichotsa nsaluzo, chitseko chija sichitsegukanso. Ndinawafunsa dzulo chimene akufuna. Anati masiku olira akatha atsegula, katani aichotsa, tebulo lodulira aliika pazenera, ndipo amene adzabwere adzabwere.

Malemu asiya akazi awo, ana anayi, aamuna awiri ndi aakazi awiri, zidzukulu khumi ndi chimodzi, alongo awo awiri, ndi ine. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira mpaka mapeto, abusa ndi kwaya, amayi a mpingo amene sanachoke pambali pa namfedwa, osoka anzawo a mumsewu muja amene atseka mashopu awo lero, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzalira nafe. Mulungu akubwezereni.

Achimwene, mwandisenzetsa katundu wolemera, koma ndamutula. Munachedwa kunena, ngati mmene munkachedwera ndi zovala zathu, komabe mwanena kusanade. Ambuye amene munawaimbira moyo wanu wonse akulandireni mwa chifundo chawo, akutseguleninso maso. Gonani mumtendere mpaka tsiku la kuuka.