Anathamangitsa Amayi Anga Chifukwa cha Mutu Wanga

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, ndikupatsani moni nonse m'dzina la Yesu. Amene simundidziwa, ndine mayi ake a Rute, ndimakhala kuseri kwa msika wa thonje. Ndikufuna kuchitira umboni. Koma ndipepeseretu, Abusa, umboni wanga si wokoma m'makutu. Ndabwera ndi chiyamiko, inde, koma ndabweranso ndi mkwiyo, ndipo sindingaime m'nyumba ya Mulungu n'kumanamizira kuti mumtima muli mbee.

Ine ndimadwala mutu. Osati mutu uja ukagona pang'ono umadzuka watha, ayi. Wanga umayamba ndi tinyenyezi tothwanima m'diso lamanzere. Ndikangotiona, ndimadziwa kuti tsiku lapita. Kenako mbali imodzi ya mutu imayamba kugunda ngati munthu akukhoma chikhomo kuseri kwa diso. Kuwala kumandibaya. Wina akamasinja mapira kutsidya kwa msewu, munsiwo umagwera m'mutu mwanga. Ndimasanza mpaka kutuluka ndulu. Ndiye dzuwa lathu la kuno ku Tengani mukulidziwa, silimvera munthu chisoni.

Mutuwu unandiyamba ndili mtsikana, kwathu ku Mozambiki, ndisanakwatiwe kuno. Pabanja ndinkangopirira. Achibale a amuna anga ankati ndine waulesi, ndimadwala nthawi yotola thonje yokha. Ndinkamva, ndinkameza.

Nkhondo itakula kwathu, amayi anga anathawa. Bambo anali atamwalira kale. Analowera pamalire a ku Marka, akuyenda wapansi, chitenje chimodzi, mapazi atang'ambika. Amuna anga anawalandira bwino, zimenezo sindingawanamizire.

Pasanapite nthawi mutu unandigwira masana. Amayi anandigoneka pamphasa, natseka chitseko kuti mukhale mdima. Anali atakwirira mtsuko mumchenga wonyowa pakona ya nyumba kuti madzi azizizira. Ananyika nsalu mmenemo n'kundiika pachipumi ndi pambali pa diso. Nsalu ina ananyika m'madzi ofunda n'kundiika kumbuyo kwa khosi. Mapazi anga anawaika m'beseni la madzi ofunda. Nsalu ya pachipumi ikatentha, ankainyikanso. Uku akupemphera chapansipansi m'Chisena, chifukwa mawu okweza amandipweteka. Ndi zomwe ankandichitira ndili mwana. Abale anga, tsiku limenelo ndinagona tulo, mutu ukadalipo koma utagonja.

Ndiye mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, anakankha chitseko. Anaona mdima masanasana, anaona mtsuko wokwiriridwa, anaona nkhalamba ikunong'ona pamutu panga. Sanafunse. Abale anga, sanafunse. Akanangoti, "Amayi, mukutani?" akanayankhidwa. Anangotseka chitseko n'kupita. Dzuwa lisanalowe, mudzi wonse unali utamva kuti nkhalamba ya ku Mozambiki yabwera ndi mankhwala, ikumudya mwana wake kumutu.

Inu Abusa munali musanabwere, mpingo uno unalibe m'busa. Kunabwera mlaliki wina woyendayenda, ndipo alamu anga anakamuuza zonse asanafike n'komwe pakhomo pathu. Atafika anatseka maso n'kunena kuti Mzimu wamuonetsa mtsuko. Mzimu wake uti? Mzimu wovala chitenje cha alamu anga? Mlalikiyo anabwera ndi amayi a mumpingo muno. Sinditchula mayina, koma ndikukuonani, ndipo inu mukundiona. Ine ndinali chigonere, mutu unali utandigwiranso, sindinkatha ngakhale kutukula khosi. Anatsegula chitseko, kuwala konse kunandigwera m'maso. Anafuula mapemphero pamutu panga, ine ndikusanza. Anazula mtsuko uja n'kukauswa pabwalo. Munali madzi okha. Madzi a pachitsime chomwe inu nonse mumatunga.

Sizinathere pomwepo. Wina anapita kwa atcheyamani a chipani kukanena kuti kwathu kukubisala munthu wopanda khadi la chipani, wochokera kutsidya, wosadziwika bwino. Mundimvetse, sindikunena za boma, ndipo munthu asatuluke muno kukanena kuti mayi ake a Rute anyoza boma. Ndikunena za lilime la Mkhristu. Atcheyamaniwo anabwera mwaulemu, anangowauza amuna anga kuti, "Achimwene, nkhaniyi ikapita kutsogolo, ine sindidzatha kukuthandizani." Amuna anga anachita mantha. Mukudziwa nonse mawu amenewo amatanthauza chiyani.

Amayi sanadikire kuti awauze. Anagwada pafupi ndi mphasa yanga n'kunena kuti, "Mwananga, ine ufiti nkhabe, ndilibe. Ndinakubala ndine, ndingakudye bwanji? Koma ndikakhala, banja lako litha." Ndinagwira chitenje chawo, koma dzanja linalibe mphamvu. Anatuluka. Munthu wothawa zipolopolo, anathawanso Akhristu.

Tsopano mverani. Mfiti ija itachoka, mutu unatha? Unakula. Unkabwera pafupipafupi, ukabwera osafuna kuchoka. Ndinawafunsa alamu anga kuti, "Alamu, amene ankandilodza mwamuchotsa. Nanga uwu akutumiza ndani?" Iwo osachita manyazi anati, "Amatha kutumiza ali kutali." Mwaona? Munthu akasankha bodza, amalimangira khola n'kumaliweta. Ine ndinkaopa ngakhale kunyowetsa nsalu m'nyumba mwanga, kuti angati mwana watengera make.

Mpaka tsiku lina ndinagwa m'munda. Amuna anga anandimangirira ndi chitenje panjinga kupita nane kuchipatala. Namwino amene anandiona anali mayi wachikulire, wosathamanga. Anandifunsa kuti umayamba bwanji, umapweteka mbali iti, unandiyamba liti. Ndikufotokoza, iye ankangogwedeza mutu. Kenako anati, "Amayi, uwu ndi mutu waching'alang'ala. Anthu ambiri ali nawo, ngakhale mchemwali wanga. Si wolodzedwa. Ndikupatsani mapiritsi, koma musadalire okhawo, nthawi zina amatithera. Mukangoona tinyenyezi tija, siyani khasu. Kalowani m'nyumba mwamdima mopanda phokoso. Muike nsalu yozizira pachipumi. Khosi likauma, muikepo nsalu yofunda, koma yosawotcha. Ena amapeza bwino akaika mapazi m'madzi ofunda. Muzimwa madzi, ndipo musamapite kumunda ndi njala."

Ndinamufunsa kuti, "Madzi ozizira kuno kwathu ndiwatenga kuti?"

Anati, "Mulibe mtsuko? Muukwirire mumchenga wonyowa pamthunzi."

Abale anga, ndinalira pamaso pa namwinoyo mpaka anadabwa, ankaganiza kuti ndi ululu. Amuna anga anali ataima pakhomo, chipewa m'manja. Ndinati, "Bambo ake a Rute, mwamva?"

Anati, "Ndamva."

Ndinati, "Mwamva chiyani? Nenani pakamwa panu."

Anayang'ana pansi n'kuti, "Ndamva kuti amayi sanalakwe."

Ndinati, "Ndiye mukawauze atcheyamani zomwezo, mukawauzenso achemwali anu. Ine ndikupita kukatenga amayi anga. Mukapanda kutero, sindibwerera kwanu."

Ndinali nditamva kuti amayi ali ku Makhanga kwa wachibale wakutali. Inali nthawi ya mvula, madzi atasefukira, njira kulibe. Ndinawoloka pabwato, ine woopa madzi. Ndinawapeza akugona pakhonde la khola la mbuzi, chifukwa mbiri ija inali itawatsatira mpaka kumeneko, ndipo eni nyumba ankaopa kuwalowetsa momwe mumagona ana. Miyendo itatupa, akutsokomola, thupi lonse zilonda za udzudzu. Mayi amene anandinyamula kumsana. Atandiona sanandifunse kuti unali kuti nthawi yonseyi. Anangoti, "Nsolo uli tani, mwananga?" Kufunsa za mutu wanga. Iwo ali pakhola la mbuzi, akufunsa za mutu wanga.

Lero ali kwathu. Amuna anga anapitadi kwa atcheyamani, anakalembetsa amayi, nkhani inatha bwinobwino. Mchenga wa pamtsuko watsopano amakatuta ndi amuna angawo, ndipo mutu ukandigwira ndi iwo amachotsa ana pabwalo. Sindikunamizani kuti ndinachiriratu. Mutu umabwerabe. Koma kale unkandigwetsa mpaka mawa ndi mkuja, lero ndikaupezerera msanga ndi nsalu yozizira pachipumi ndi yofunda pakhosi, madzulo ndimadzuka n'kuphikira ana anga. Thonje langa chaka chino ndatola ndekha. Ngati muno muli wina wodwala mutu wotere, pita kuchipatala akakuone, usalole munthu akuuze kuti wakulodza ndi mayi ako. Ukafuna kuona mmene timachitira, bwera kwathu, chitseko n'chotsegula.

Ndiye ndikuthokoza Mulungu. Ndikumuthokoza chifukwa cha namwino uja. Ndikumuthokoza kuti bwato silinagubuduke. Ndikumuthokoza kuti amayi ndinawapeza akupuma, chifukwa ndikanawapeza m'manda, sindikudziwa ngati phazi langa likanapondanso muno.

Koma mpaka lero palibe ndi mmodzi yemwe amene wabwera kudzati pepani. Palibe. Timakumana pachitsime, mumandipatsa moni wa "mwadzuka bwanji" ngati panalibe kanthu. Abusa munatiphunzitsa kuti tizikhululuka. Ndikuyesa. Ndimagwada, ndimapempha, koma sindinafike. Mundipempherere pa chimenecho, ndipo amene akudziwa zomwe anachita adzipempherere okha.

Amayi anga ndabwera nawo lero. Ali panja, pansi pa mtengo wa nimu, akana kulowa. Akuti akuopa kuwonongera anthu mapemphero. Ine ndikupita kukawagwira dzanja. Ndikamalowa nawo, ndikupempha mpingo wonse uimirire, mukondwere nane, mululute, chifukwa amene anatayika wapezeka ali moyo. Ndipo inu amayi muli kutsogoloku, sunthani pang'ono. Akhala pakati panu.

Ameni.