Kanyali Kofiira ka M'lole ya Mkaka

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine make Takondwa, wa cha ku Mauwa. Umboni uwu ndaulemba n'kufufuta kangapo chifukwa muli manyazi anga mkati. Ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito chifukwa cha kanyali kochepa ngati njere ya chimanga.

Ndili ndi satifiketi ya zamagetsi ya ku koleji, koma inangokhala m'sutikesi. Bambo a Takondwa anapita ku Joni mwana ali m'mimba, ndipo foni yawo inasiya kugwira. Ndiye gulu la alimi a ng'ombe za mkaka litalandira kalole koyendera magetsi n'kundisankha kuti ndizikayendetsa, ndinadziwa kuti ndi Mulungu. Ntchito yanga ndi kutolera zigubu za mkaka m'midzi, kuzifikitsa kumalo oziziritsira dzuwa lisanakwere.

Mwezi wachiwiri mavuto anayamba. Ndikuyenda bwinobwino, kanyali kofiira kutsogolo kwa chiwongolero n'kuyaka, kabelu n'kumalira, lole n'kufooka mpaka akabaza kumandipitirira. Ndikaima n'kuzimitsa, nthawi zina kankazima, nthawi zina ayi. Mawa lake phee, ngati palibe chinachitika. Amakaniko anabwera kawiri kuchokera ku Blantyre. Kompyuta yawo inkasonyeza kuti magetsi anadukizapo, koma malo ake osaoneka. Anayendetsa lole yopanda katundu mpaka ku Magomero n'kubwerera, kanyali osayaka.

Mkaka unasasa kawiri ndili panjira. Apampando a komiti anandiitana. "Amake Takondwa, sitikukudani, koma alimi atopa. Ukawonongekanso kachitatu, makiyi mupereka."

Abale, ndinalibe womuuza. Mayi anga anatisiya kale. Azimayi amene ndinkaseka nawo potsitsa zigubu anayamba kundipatsa moni akuyang'ana kumbali. Lole ya magetsi ilibenso phokoso, mumayenda mukumva mtima wanu ukugunda, maso ali pa kanyali m'malo moyang'ana msewu. Ndipo pano ndiulule tchimo langa. Ndinayamba kuganizira a Makwinja, bambo amene ankafunanso ntchito yomweyi. Ndinati andichita zamankhwala. Ku tchalitchi ndinasiya kukhala benchi limodzi ndi akazi awo, osawauza chifukwa.

Lachiwiri lina mkaka unachuluka. Abiti Yusufu, mayi wachikulire wachisilamu amene ali ndi ng'ombe imodzi, anandipempha matola, ankapita kukaonetsa mwendo ku Nguludi. Anakana kukhala kutsogolo, akuti mwendo umafuna kutambasula, ndiye anakhala kumbuyo pakati pa zigubu. Titangodutsa pa mabampu, kabelu kaja kanalira. Ndinaima, n'kutsamira chiwongolero. Pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, ndikapereka makiyi lero, mwanayu ndimulera bwanji?

Ndinamva Abiti akugogoda pagalasi.

"A dalaivala, mwagona? Tatsikani muone. Mphira yanuyi mwakola pati?"

"Pachitsulo, amayi."

"Chitsulo chimavina? Chigubu chikapendama, chichingwe cha olenjichi chikumasuzumira n'kubwerera. Ine sukulu sindinapondeko, koma ichi si chitsulo."

Ndinagwada n'kusuzumira pansi. Masiku amene zigubu zachuluka, zapakona ndinkazimanga ndi mphira ya chubu, monga timangira katundu pa njinga. Ndinkangopisa dzanja pansi pa lole osayang'ana, n'kukola kambedza ka kumapeto kwa mphirayo pamene kagwira. Kumeneko kankagwira waya wa olenji uja, wamkulu wochokera ku batire. Pa mabampu mphira inkakoka wayayo, pulagi n'kumasukako pang'ono. Amakaniko akanaziona bwanji, lole ankaiyesa ilibe chigubu ngakhale chimodzi? Ine amene ndinaphunzitsidwa kuti waya wa olenji sakhudzidwa chifukwa magetsi ake amapha, ndinkapisako dzanja lonyowa m'mawa ndi m'mawa.

Ndinazimitsa lole, ndinakolola kambedza ndi kamtengo kouma, zigubu tinazimangirira kwina. Nditayatsa, kanyali zii. Mkaka unafika uli wabwino, ndipo Abiti ndinakawatula pageti pa chipatala akundiseka njira yonse. Amakaniko atabwera anamanga pulagi, kuphimba wayayo, n'kuwotcherera tizitsulo tokolamo mphira.

Komiti ndinaiuza zoona, kuti wolakwa ndine. Ndinkayembekeza kuti makiyi apita, koma apampando anati munthu wodziulula yekha satayidwa. Chovuta chinali kupita kwa a Makwinja. Ndinagwada pakhonde pawo n'kufotokoza zonse zimene ndinkawaganizira. Nditamaliza anati, "Ndiye ufiti wangawo unali wa chubu?" Akazi awo sanaseke. Anangondigwira dzanja n'kundidzutsa.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira thandizo kudzera mwa mayi wodwala mwendo, wachipembedzo china, amene sindikanaganiza zomufunsa nzeru. Iwe mlongo wanga amene ukulimbana ndi vuto lobwera n'kumapita, loti ukaitana anthu limabisala mpaka uoneke wabodza, usaleke kupemphera, ndipo usafulumire kuloza mnzako chala. Ine ndinkalira kuti Ambuye andichotsere chenjezo lija, osadziwa kuti likanangozima ndikanapitiriza kupisa dzanja pa imfa. Alemekezeke chifukwa pemphero limenelo sanandiyankhe monga ndinkafunira. Ameni.