Beseni la Vaileti

Malemu Vaileti Chikadza anabadwa pa 14 Malichi 2020 konkuno ku Area 23. Anali oyamba mwa ana awiri a bambo Greyson Chikadza, mphunzitsi, ndi mayi Mirriam. Mayiwa anatisiya mu Malichi chaka chino.

Mu Seputembala 2024 anayamba sukulu ya mkaka ku Kaliyeka. Aphunzitsi awo akuti sankalola kumangiridwa nsapato kapena kuvulidwa juzi. Chilichonse ankafuna kuchita okha.

Mayi awo posambitsa ana ankayamba kuthira madzi ozizira m'beseni, otentha pambuyo. Choncho malemu anazolowera kuti akamva madzi akukhuthulidwa, amavula n'kukadzilowera. Bambo awo izi sankazidziwa, ndipo kufikira kuzizira kwa Juni anali asanawatenthetserepo ana madzi.

Lachiwiri pa 17 Juni 2025 m'mawa, bambo Chikadza anaphula madzi owira pambaula n'kuthira m'beseni kuseri kwa nyumba. Atatsegula mpopi anapeza wouma. Anatenga ndowa kukatunga nyumba yachitatu. Akubwerera anamva kulira, ndowa inawapulumuka. Iwo amaphunzitsa ana a sitandade 7 kuti munthu akapsa amuthire madzi ozizira ambiri, koma madziwo anali atatayikira m'dothi. Anansi, pofuna kuthandiza, anapaka mazira ndi mankhwala otsukira mano. Banja silikuimba mlandu aliyense.

Malemu anapsa miyendo, mimba ndi msana, ndipo anagonekedwa kuchipatala masiku asanu ndi anayi. Bambo awo ankafunsa makolo a m'mabedi oyandikana chimene chinawotcha ana awo. Wina anati phala, wina mafuta a mandasi, awiri anati mbaula. Onse ankati anangochokapo pang'ono. Mabala atalowa matenda, madokotala anayesetsa, koma malemu anatsikira kulichete Lachinayi pa 26 Juni masana, ali ndi zaka zisanu.

Asiya bambo awo, azakhali awo a Pauline, ndi mlongo wawo Kumbukani wa zaka ziwiri, yemwe tsopano akuthamanga ndipo amatsanzira zonse zimene malemu ankachita. Bambo Chikadza sanayatsenso mbaula. Sakudziwa kuti ndi zizolowezi ziti zina zimene mayi anawasiyira anawa, ndipo palibe woti amufunse.

Tikuthokoza anamwino, ampingo, aphunzitsi anzawo a bambo Chikadza, ndi bambo Tiyese omwe anatsitsa anthu m'minibasi yawo kuti athamangire ndi mwanayo kuchipatala.

Bambo a malemu apempha chinthu chimodzi. Kuseri kuno amayi akoleza moto malo anayi, madzi akuwira m'mapoto aakulu, ndipo ana akudutsa pomwepo. Tisanapitirize mwambo, aliyense amene wabwera ndi mwana adzuke akamuone, amugwire dzanja. Tidikira.

Mzimu wa malemu Vaileti uuse mumtendere pafupi ndi mayi awo.